Kalata yotseguka kwa atsogoleri a Amalawi ku Johannesburg: wodwala shuga akapulumuka ku heart attack, tisamusiye yekha

Kwa Apampando ndi makomiti a mabungwe athu a maliro,
Kwa Abusa, Ansembe ndi Mashehe amene mumatisonkhanitsa,
Kwa Akuluakulu a ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu,

Zikomo akuluakulu nonse. Landirani moni wanga, ndipo mundilole ndiyambe ndi kuthokoza. Achimwene anga atatisiya mwezi wa November wapitawu, munafika pasiwa usiku womwewo. Munayendetsa mapepala, munalankhula ndi a kumotchale, munapeza galimoto, ndipo thupi linadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Dedza, ife abale osagwada kwa munthu aliyense kupempha ngongole. Kwathu ku Ntcheu mpaka lero amasimba kuti a ku Joni amadziwa kuperekeza mnzawo. Chifundo chimenecho sindidzaiwala.

Chandilembetsa kalatayi ndi zimene zinachitika pamsonkhano wathu wapitawu. Ndinaimirira n'kupempha kuti pa ndalama zimene timasonkha mwezi ndi mwezi tipatuleko pang'ono zothandizira mamembala odwala shuga amene angotuluka m'chipatala mtima utawagwetsa. Komiti inakana. Anati malamulo a bungwe amalola ndalama kutuluka pakagwa zovuta basi, za matenda ndi za pabanja. Sindinasunge mangawa ndi munthu, ndipo sinditchula bungwe kapena dzina la wina aliyense, chifukwa nditafunsafunsa ndapeza kuti lamulo lomweli lili m'mabungwe enanso. Ndalemba poyera kuti aliyense amene ali ndi m'bale wodwala shuga kuno amve nawo, atumizirenso anzake.

Ine si dokotala, si namwino. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba za anthu kumpoto kwa mzinda uno. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuperekeza agogo ena odwala shuga ndi mtima kwa dokotala wawo. Ndimakhala pakona, chikwama cha mankhwala chili pamiyendo, ndipo ndimamva zonse zimene amauzidwa. Pomwe sindinamve ndimafunsa, kunyumba ndimakawerenga. Achimwene atadwala matenda omwewo ndinaona ndi maso anga kuti zimene agogo aja amauzidwa mobwerezabwereza, m'bale wanga sanazimve ndi kamodzi komwe m'chilankhulo chimene akanazigwira.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti anthu athu sadziwa kuti shuga amabisa heart attack.

Achimwene anali telala. Kuyambira m'mawa mpaka mdima anali pamakina, nkhomaliro yawo buledi ndi chakumwa chozizira, poti ndiye chapafupi ndi chotchipa. Shuga anawapeza naye zaka 6 zapitazo. Mapiritsi a metformin otsitsa shuga ankamwa akakhalapo, akatha ankadikira tsiku lomwe ntchito yachepa kuti akatenge ena. Usiku wina wa mu June anati ali ndi chilungulira. Kunja kunali chisanu cha kuno chija cholowa m'mafupa, koma iwo thukuta lili kamukamu. Anasanza kamodzi, ndipo kungopita kuchimbudzi befu linkawagwira. Pachifuwa sipankapweteka kwenikweni. Alamu anga anawasungunulira soda m'madzi, anawafunditsa, n'kudikira kuti kuche. Kutacha achimwene anavala n'kupita kuntchito. Anakagwera pamakina masana. Pofika kuchipatala panali patadutsa maola oposa 15.

Mtima uli ndi mitsempha yakeyake ing'onoing'ono imene imaudyetsa magazi. Mafuta akamaunjikana m'kati mwa mitsemphayo, tsiku lina pamang'ambika, magazi amaundana pomwepo n'kutseka njira. Mnofu wa mtima umene umadyera pa mtsempha umenewo umayamba kufa, ndipo ukafa sumeranso, pamatsala chipsera chosagwira ntchito. Heart attack ndi imeneyo. Munthu wopanda shuga nthawi zambiri amamva ngati wina wamutsamiza chimwala pachifuwa, ululu n'kumatsikira kudzanja kapena kukwera kunsagwada, ndipo amathamangira kuchipatala yekha. Koma shuga wokhalitsa amawononga minyewa. Tonse timadziwa kuti wodwala shuga amatha kuponda msomali osamva. Minyewa ya kumtima nayo imachita dzanzi chimodzimodzi, choncho belu lochenjeza silira. Chimene chimaoneka ndi kubanika, thukuta lozizira, mseru, chizungulire, kufooka kosadziwika bwino, kapena chilungulira chomwe chija. A bungwe la WHO amati munthu wamkulu wodwala shuga ali pachiopsezo cha heart attack ndi sitiroko kawiri kapena katatu kuposa mnzake wopanda shuga. Ndiye taonani, amene ali pangozi yaikulu ndi yemweyonso amene thupi lake silimuuza.

Pa matendawa ola lililonse limadya mnofu wa mtima. Madokotala amafuna kuti munthu ajambulidwe ECG, yoonetsa kagundidwe ka mtima, pasanathe mphindi 10 atafika. Mankhwala osungunula magazi oundana amagwira bwino m'maola oyambirira, pakadutsa maola 12 phindu lake limakhala litachepa kwambiri. Njira ina ndi yolowetsa kachubu pa mtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche mpaka kukafika kumtima, n'kutsegula potsekekapo ndi kuikapo kawaya kotchedwa stent. Zimenezi sizichitika pakiliniki yapafupi, zimachitikira m'zipatala zikuluzikulu monga Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Charlotte Maxeke ku Parktown. Kudikira kuti kuche ndiko kunatengera achimwene theka la mphamvu za mtima wawo.

Ndinawafunsa alamu anga chifukwa chimene sanaitanire ambulansi. Anandiyankha motsitsa mawu kuti pasipoti ya amuna awo inali itatha masiku. Akuluakulu, mantha amenewa ali m'nyumba zambiri za anthu athu, ndipo inu ndi amene mungawachotse. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti palibe munthu amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Silinena kuti nzika yokha ayi, limati munthu aliyense. Lamulo la zaumoyo la National Health Act la 2003 limabwereza mawu omwewo pa gawo 5. Nambala ya ambulansi ndi 10177, ndipo pafoni ya m'manja 112 imagwiranso. Zimenezi sindinazimvepo zikulengezedwa m'tchalitchi, mumzikiti kapena pamsonkhano wa bungwe, pomwe nambala ya msungichuma tonse timaidziwa pamtima.

Dandaulo lachiwiri ndiye lalikulu, ndipo ndikhalitsapo. Timaganiza kuti munthu akatuluka m'chipatala wachira.

Achimwene anaikidwa stent, anakhala m'chipatala masiku 6, n'kutuluka. Tinaphika, tinaimba, Lamulungu lake anaima kutsogolo kupereka umboni. Ozonda matenda anabwera sabata yoyamba ndi malalanje ndi majuwisi a m'mabotolo, mwa chikondi ndithu, osadziwa kuti majuwisiwo ndi shuga yekhayekha. Sabata yachiwiri kunali zii. Lendi inali pakhosi, ana kumudzi akudikira fizi, ndipo kuntchito kwawo tsiku losasoka ndi tsiku losalipidwa. Anabwerera pamakina.

Wodwala shuga amene wapulumuka ku heart attack sanawoloke mtsinje, ali pakati pa madzi. Kafukufuku wina wotchuka amene anatuluka mu 1998 anatsatira anthu a ku Finland kwa zaka 7. Mwa anthu opanda shuga amene anali asanagwidwepo mtima, osakwana 4 pa 100 alionse ndiwo anadwala heart attack m'zaka zimenezo. Mwa opanda shuga amene anali atagwidwapo kale, anali pafupifupi 19 pa 100. Mwa odwala shuga amene anali asanagwidwepo, anali 20 pa 100. Koma mwa odwala shuga amene anali atagwidwapo kale, 45 pa 100 anagwidwanso. Mankhwala apita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo ndipo ziwerengero zatsika kwa amene amamwa mankhwala mokhulupirika, koma mpaka lero wodwala shuga ndiye amabwerera kuchipatala kawirikawiri ndi kufa msanga pambuyo pa heart attack kuposa wopanda shuga.

Zifukwa zake n'zomveka ngakhale kwa ife osaphunzira udokotala. Shuga sawononga mtsempha pamalo amodzi ayi, amawononga mitsempha yonse m'litali mwake, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono yomwe. Dokotala akatsegula pomwe panatsekeka lero, pena patsala pang'ono kutsekeka mawa. Magazi a wodwala shuga amaundana msanga, ndipo pamene paikidwa stent pamathinanso mosavuta. N'chifukwa chake kafukufuku wina wamkulu wa mu 2012, wa anthu 1,900 odwala shuga amene mitsempha yawo ingapo inali yothina, anapeza kuti opaleshoni ya bypass, yolambalala potsekekapo, inapulumutsa anthu ambiri kuposa ma stent pa zaka 5. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa dokotala kuti, kodi mitsempha yanga yowonongeka ndi ingati, nanga njira yondiyenera ndi iti? Munthu wathu amene Chingerezi chake ndi cha pamsika ndi cha kuntchito sangafunse funso limeneli ali chigonere pabedi.

Kuwonjezera apo, shuga amaumitsa mnofu weniweni wa mtima. Ndiye mbali ina ikafa, yotsalayo imalephera kusenza katundu wa inzake, mtima n'kuyamba kupopa mofooka. Madzi amadzaza m'mapapo, mapazi amatupa. Impso nazo zimakhala zitalema kale ndi shuga, ndipo impso zikafooka mtima umavutika, mtima ukafooka impso zimavutika. Pa achimwene zonsezi zinachitika ife tikuona. Mu September nsapato zinayamba kuwathina. Mu October ankagona chokhala, atatsamira mapilo atatu, chifukwa akagona chagada ankabanika. Ankatsokomola usiku ife n'kumati ndi fumbi la nsalu. Ine amene ndinkadziwa zizindikirozi ndimagona kuntchito, ndimatuluka kawiri pamwezi. Tsiku limene ndinawaona mapazi ndinalira. Tinawatengera kuchipatala mawa lake, anawachotsa madzi, anabwerera kunyumba, ndipo patangotha milungu itatu mtima unawagwiranso kachiwiri. Ulendo umenewo sanadzuke. Panali patadutsa miyezi 5 chabe kuchokera tsiku lija tinkaimba.

Kwathu wodwala sakhala wopanda gadiyani. Pa Queens, pa Central, ngakhale pachipatala cha boma la kwathu, mumapeza amayi atayala zitenje panja, akuphika phala, akumvetsera zimene adokotala anena n'kumakumbutsa wodwala. Kuno ku Joni aliyense ali pa ntchito ya abwana ake, ugadiyani unatha. Bungwe la maliro ndilo latsala ngati mudzi wathu. Ngati mudziwo ukuti za matenda ndi za pabanja, pomwe banja lili kutsidya kwa malire atatu, wodwalayo atsamira ndani?

Dandaulo lachitatu ndi la mankhwala. Achimwene anatuluka ndi jumbo ya mapiritsi a mitundu 7 ndi kalata ya Chingerezi cha madokotala. Anthu athu anazolowera mankhwala a malungo. LA ukamwa masiku atatu, watha, wachira. Achimwene anaganiza kuti awanso ndi otero. Paketi ya clopidogrel itatha sanakatengenso, poti m'thupi ankamva bwino.

Chikhala kuti wina anakhala nawo pansi n'kuwamasulira! Aspirin ndi clopidogrel amathandizana kuletsa magazi kuundana pa stent, ndipo kawirikawiri awiriwa amamwedwa limodzi kwa miyezi 12. Kusiya clopidogrel m'miyezi yoyambirira kumatha kutseketsa stent mwadzidzidzi. Statin, monga simvastatin kapena atorvastatin, amatsitsa mafuta oipa a m'magazi. Enalapril ndi anzake amatsitsa BP, amapeputsa ntchito ya mtima ndi kuteteza impso. Carvedilol kapena atenolol amachepetsa liwiro la mtima kuti usatope, koma wodwala shuga ayenera kuchenjezedwa kuti mankhwala amenewa amatha kubisa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kumene kumamuuza kuti shuga watsika kwambiri. Ndipo shuga wotsikitsitsa ndi woopsa pa mtima wovulala ngati mmene alili shuga wokwera. Palinso kuyeza kotchedwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati wa m'mawa umodzi wokha. Achimwene anamwalira osadziwa kuti kuyeza kumeneku kulipo.

Agogo amene ndimawasamalira amamwa piritsi lina lotchedwa empagliflozin. Mu 2015 kafukufuku wa anthu pafupifupi 7,000 odwala shuga amene analinso ndi matenda a mtima ndi mitsempha anapeza kuti mankhwalawa anachepetsa imfa za matenda a mtima ndi 38 peresenti, komanso kugonekedwa chifukwa cha mtima wofooka ndi 35 peresenti. Mu 2021 a WHO anaika gulu la mankhwala amenewa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira m'dziko lililonse. Sayenera munthu aliyense, amene angadziwe ndi dokotala, ndipo ndikuchonderera kuti wina asakagule yekha chifukwa cha kalatayi. Chimene chikundiwawa n'chakuti m'bale wanga sanapeze mpata ngakhale wofunsa ngati akumuyenera.

Pano ndilankhule nanu Abusa ndi Mashehe, mwaulemu wonse. Ine ndine wopemphera, ndipo mapemphero anu anatilimbitsa. Koma pali anthu ena amene amayenda m'nyumba za odwala kuwauza kuti kumwa mapiritsi ndi kuchepa chikhulupiriro. Alipo enanso ogulitsa mabotolo a zitsamba ndi tiyi amene amati amachotseratu shuga. Munthu wina anawauza achimwene kuti asale kudya masiku atatu pothokoza kuti apulumuka, ndipo anasaladi, akumwabe mapiritsi otsitsa shuga m'mimba mopanda kanthu. Mawu amodzi ochokera paguwa kapena pa Lachisanu mumzikiti angatseke pakamwa anthu otere. Zipembedzo zathu zonse zimamumasula wodwala pa nkhani ya kusala, koma wodwalayo amafuna amve kuchokera kwa inu kuti sanachimwe.

Dandaulo lachinayi ndidutsapo msanga poti tonse tikulidziwa. Tsiku la kukiliniki ndi tsiku la malipiro lotayika, kuwonjezera ya takisi. Achimwene anaphonya masiku awiri obwerera. Tsiku lina anapitadi, anadzuka 4 koloko m'mawa, koma anapeza anthu ena ataima pageti akufunsa ziphaso, ndipo anabwerera asanafike n'komwe pamzere. Khoti lalikulu la Johannesburg linagamula mu November 2025 kuti anthu wamba alibe mphamvu yofunsa munthu chiphaso kapena kumutsekereza kulandira chithandizo. Koma chigamulo chili papepala, ndipo munthu wofooka mtima amene ali yekha sangaime kutsutsana ndi gulu. Akakhala ndi womuperekeza wodziwa malamulo, zimasintha.

Dandaulo lachisanu ndi chizolowezi chathu chonena kuti "pitani kumudzi mukapume." Timasonkha ya basi, timamukweza, timati tathandiza. Ulendo wa masiku awiri, munthu atapinda miyendo, akudya zogula m'njira, insulin ali m'chikwama chotentha pomwe insulin amawonongeka ndi kutentha. Akafika alibe kalata yonena kuti anaikidwa stent liti, akumwa chiyani, impso zili bwanji. Wachipatala wa kumudzi ayambira pati? Kupita kwathu si kolakwa, ena amakapezadi mtendere ndi chisamaliro cha abale. Koma apite dokotala atavomereza, ndi kalata m'manja, ndi mankhwala omufikitsa tsiku limene adzalembetsedwe kukiliniki ya shuga kumeneko.

Mwina ena mukuti nkhaniyi ndi ya anthu ochepa. A International Diabetes Federation anawerengera mu 2021 kuti akuluakulu 4.2 miliyoni muno mu South Africa ali ndi shuga, ndiye kuti mmodzi mwa 9 alionse, ndipo pafupifupi theka la iwo sakudziwa. A Statistics South Africa akhala akuonetsa kuti shuga ali m'gulu la matenda opha kwambiri kuno, ndipo zaka zingapo anali patsogolo penipeni pakati pa amayi. Kwathu nakonso, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza shuga mwa akuluakulu 5.6 pa 100 alionse, ndi BP yokwera mwa mmodzi pa atatu. Ife tikudya za kuno, tikugwira ntchito zokhala pansi kapena zoimirira malo amodzi, tikukalambira kuno. Ku Sweden, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2002, madokotala anayeza anthu amene anagonekedwa ndi heart attack koma asanauzidwepo kuti ali ndi shuga. Pafupifupi mmodzi mwa atatu anapezeka naye, ndipo mmodzinso mwa atatu anali m'malire. Kunena kwina, anthu ambiri amadziwa za shuga wawo tsiku lomwe mtima wawagwetsa. Boma la kuno lili ndi ndondomeko ya 2022 mpaka 2027 yofuna kuti akuluakulu 90 pa 100 adziwe ngati ali ndi BP kapena shuga wokwera, 60 pa 100 mwa opezekawo alandire chithandizo, ndipo 50 pa 100 mwa olandirawo matenda awo akhazikike. Munthu wathu amene amaopa geti la kiliniki sadzalowa m'chiwerengero chimenechi pokhapokha ife titamulowetsa.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Zopempha zanga ndi izi, ndipo ndikupempha kuti ziyankhidwe pamsonkhano, osati m'makona.

1. Mabungwe a maliro asinthe malamulo awo kuti pakhale thumba la odwala. Sindikunena kuti tichepetse chipepeso. Ndikunena kuti pa zopereka za mwezi tipatule kagawo kodziwika, kolembedwa m'buku lakelake, kothandiza membala amene watuluka m'chipatala ndi heart attack, sitiroko kapena mtima wofooka: ya takisi yopitira kukiliniki, timapepala toyezera shuga, ndi kachepe kobwezera tsiku la ntchito limene wataya. Lamulo tinalemba ndife, tikhoza kulikonza ndife tomwe.

2. Wodwala wotere apatsidwe gadiyani wosankhidwa ndi bungwe kwa miyezi 12 yoyamba. Asakhale munthu mmodzi, akhale atatu kapena anayi osinthana malinga ndi masiku awo opuma. Ntchito yawo ikhale kumuperekeza kukiliniki, kumasulira, kuwerenga mapiritsi otsala, ndi kuyang'ana mapazi ndi kapumidwe. Pakati pathu pali anamwino, osamalira okalamba ndi ophunzira a zaumoyo amene angaphunzitse anzawo zimenezi Loweruka limodzi.

3. Bungwe lililonse, mpingo uliwonse ndi mzikiti uliwonse ugule makina oyezera shuga ndi a BP, ndipo kuyeza kuzichitika pamisonkhano yathu, motsogozedwa ndi munthu wodziwa, pamalo obisika kuti munthu asachite manyazi. Wopezeka ndi nambala yokwera asapatsidwe mankhwala ndi ife ayi, aperekezedwe kukiliniki.

4. Atsogoleri a zipembedzo alengeze poyera, kosachepera kanayi pachaka, zinthu zitatu: kuti wodwala shuga akabanika, akatuluka thukuta lozizira kapena akamva chilungulira chachilendo aitane ambulansi nthawi yomweyo osadikira kuti kuche, kuti chithandizo cha mwadzidzidzi sichifuna pasipoti, ndi kuti mankhwala a mtima sasiyidwa chifukwa cha pemphero, kusala kapena zitsamba.

5. Akuluakulu a ku ofesi ya kazembe, inu muli ndi khomo limene ife tilibe. Tikupempha mukumane ndi oyang'anira zaumoyo m'chigawo cha Gauteng ndi kuwapempha kuti odwala amene Chingerezi chimawavuta aziloledwa kulowa ndi womasulira, kuti wodwala shuga aliyense wotuluka pambuyo pa heart attack azipatsidwa tsiku lobwerera lolembedwa bwino ndi kuyezedwa impso ndi HbA1c, kuti mageti a makiliniki azitetezedwa monga khoti linanenera, ndiponso mufunse mmene odwala a m'zipatala za boma angapezere mankhwala atsopano oteteza mtima ndi impso. Zimene akuyankheni mudzatiuze.

6. Palembedwe kapepala ka tsamba limodzi, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, kofotokoza zizindikiro, manambala a ambulansi, ntchito ya piritsi lililonse ndi gawo 27 lija. Dokotala akaone kasanatuluke. Kayende pa WhatsApp m'magulu momwe timatumiziramo mauthenga a maliro, kaikidwenso pamalo okwerera mabasi a kumudzi.

7. Bungwe lisalipire tikiti ya wodwala mtima wopita kumudzi asanaonetse kalata ya kuchipatala ndi mankhwala a panjira.

Ndikudziwa kuti amsungichuma adzafunsa kuti ndalama zikwana bwanji, ndipo funsolo ndi loyenera. Ndikupempha kuti abweretse buku pamsonkhano, tiwerengere limodzi zimene tinawononga potumiza thupi la achimwene, kenaka tiwerengere zimene zikanafunika pa takisi, timapepala toyezera ndi masiku awo a kukiliniki kwa chaka chathunthu. Ine ndinawerengera kale ndekha usiku wina, koma ndikufuna tidzaone tonse ndi maso athu.

Pamene ndikulemba pano pali mayi wina, membala wathu wolipira bwino, wogwira ntchito zapakhomo, amene watuluka m'chipatala milungu itatu yapitayo. Ali ndi shuga, anaikidwa stent, amakhala yekha m'kachipinda kakuseri, ana ake ali kumudzi. Ndinakamuona Lamulungu ndipo ndinawerenga mapiritsi ake. Clopidogrel watsala wa masiku 9. Tsiku lake lobwerera kukiliniki ndi Lachinayi likubwerali, ndipo abwana ake sanamuyankhe ngati amupatsa tsikulo. Ine Lachinayi ndili pantchito, sindingatuluke. Iye wandilola kuti ndinene zimenezi popanda dzina lake. Apampando a bungwe lathu akumudziwa. Ndikupempha kuti pofika Lachitatu madzulo papezeke munthu wolankhula ndi abwana akewo, ndi wina womuperekeza.

Ine mlongo wanu,
membala wa limodzi mwa mabungwe a maliro,
Johannesburg